Makalata a Kutali, Madzi a Domasi

Mtsinje wa Domasi umayambira pamwamba, pomwe phiri la Zomba limagundana ndi phiri la Malosa. Umatsika m'chigwa ukuwomba miyala, nkudutsa pansi pa msewu wochokera ku Zomba kupita ku Liwonde, kenaka nkumayenda mwaulesi m'madambo mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Si mtsinje wotchuka ngati Shire. Koma munthu akautsata kuchokera kumtunda amapeza mishoni yomwe adayambitsa anthu a ku Scotland, malo a maphunziro omwe adadzuka ndi ndalama za ku America, koleji yomwe Ajapani adaikuza, maiwe a nsomba omwe Ajeremani adaikapo dzanja, ndi ngalande za mpunga zomwe adayeza akatswiri a ku Taiwan. Kutsidya kwa nyanjayo kuli malire omwe adasainidwa ku Lisbon. Ku Domasi kulibe nyumba ya kazembe ngakhale imodzi, komabe zomwe akazembe amapangana kutali zakhala zikufika kuno, zina ngati sukulu, zina ngati msonkho, zina ngati mtengo wa thumba la feteleza pa msika wa Songani.

Nthumwi za makolo

Mawu akuti kazembe sadabwere pa sitima. Ankamvekanso kwa Alunda, komwe mfumu yaikulu Mwata Yamvo inkatuma akuluakulu ake a udindo umenewu kukaiyimirira kumaiko akutali, ndipo mmodzi wa iwo adakhazika ufumu wake ku mtsinje wa Luapula. Makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti mfumu siyenda yokha kukakamba mlandu ndi mfumu inzake. Imatuma munthu wa pakamwa pofatsa, wosunga chinsinsi, wodziwa kubweza mawu monga adawamvera, pakuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Mthenga sankapita chimanjamanja, ndipo kumuchita chipongwe kunali kuputa nkhondo ndi amene wamutuma. Mphatso inkayankhidwa ndi mphatso. Ukwati unkamanga midzi iwiri, ndipo ankhoswe ankagwira m'banja ntchito yomweyo yomwe nthumwi zinkagwira pakati pa mafumu.

Kale chigwachi chinali cha Anyanja, nthambi ya Amaravi, anthu olima mapira ndi thonje, osula makasu, ophika mchere ndi opha nsomba ku Chilwa. Mafumu aang'ono ankapereka mtulo kwa aakulu: mnyanga wa njovu womwe wagunda pansi, chikopa cha kambuku, chikopa cha mkango. Mtulo sunali mphatso wamba. Unali mawu akuti ndili pansi panu, nditetezeni. Amaravi ankadziwanso kupangana ndi alendo. Mfumu Muzura, yemwe ambiri amamuwerengera pa mndandanda wa a Kalonga, adatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi kutsidya kwa Zambezi mu 1608, adalandira mlendo Gaspar Bocarro mu 1616, ndipo pambuyo pake Apwitikizi adamuthandiza kugonjetsa mfumu inzake Lundu. Sipadapite nthawi yaitali, Muzura yemweyo adawatembenukira abwenzi akewo. Chikondi cha nkhwangwa chimakoma pokwera, ndipo ubale wa maufumu umayendera zomwe aliyense akufuna kupezapo.

Kubwera kwa Amachinga

M'katikati mwa zaka za m'ma 1800, njala ndi nkhondo zidasuntha Ayao kuchoka kwao, kufupi ndi phiri la Yao m'dziko lomwe lero ndi Mozambique. Adabwera m'magulu. Amangoche adatsogola nkupitirira kummwera, ndipo Amachinga adawatsata nkukhazikika pakati pa Shire ndi Chilwa. Kawinga adamanga pa phiri la Chikala, Liwonde m'mbali mwa Shire, Malemia m'mapiri a Malosa ndi Zomba, moyang'ana chigwa cha Domasi. Akuluakulu amasimba kuti m'malo ena Ayao adafika ngati alendo opempha malo, nakwatira ana a eni nthaka, koma atachuluka ndi kupeza mfuti adasanduka olamula. Anyanja ena adagonja, ena adathawira pa chilumba cha Chisi ndi m'mapiri.

Mphamvu ya mfumu ya Chiyao inali pa ulendo wa kunyanja yamchere. Amalonda ankasenza minyanga nkumayendetsa akapolo kupita ku Quelimane, ku Kilwa ndi madoko ena, nkubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Ulendo wa miyezi wotere sukadatheka popanda mapangano ndi mfumu iliyonse ya m'njira: pano tipereka nsalu zingapo, apo tigona mwamtendere. Mafumu akuluakulu monga Makanjira ankasunga alembi a Chiswahili olemba makalata m'zilembo za Chiarabu, ndipo dzina la Sultani wa ku Zanzibar linkamveka mpaka kuno. Azungu asanafike, chigwachi chinali kale pa njira ya malonda a dziko lapansi, ndipo mtengo wake unali anthu.

David Livingstone ndi John Kirk adaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Zomba mu April 1859. Mu 1861 amishoni a UMCA adamanga ku Magomero, koma adalowerera nkhondo za Ayao ndi Amang'anja asanamvetse yemwe ndani, ndipo sadakhalitse. Anthu a mpingo wa Church of Scotland adafika ku Blantyre mu 1876. Mmodzi wa antchito awo, wolima maluwa ndi mbewu dzina lake John Buchanan, adadzakhazikika ku Zomba nkuyamba kulima khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, m'dziko la Malemia. Mu 1884 Alexander Hetherwick adatsegula mishoni ya Domasi.

Malemia sadalandire alendowa chifukwa cha ulaliki wokha. Kumpoto kwake kunali Kawinga, mdani wa mfuti zambiri. Kutsidya kwa Shire kunali Angoni a Chikuse, omwe chaka chomwecho cha 1884 adaoloka mtsinje nkusakaza midzi, anthu nathawira pamwamba pa mapiri. Mzungu wokhala pakhomo anali gwero la nsalu, komanso chishango. Mfumu yaing'ono pakati pa zimphona idachita zomwe maiko ang'onoang'ono amachita mpaka lero: kufuna bwenzi lachitatu. Hetherwick naye adadziwa kuti popanda chiyankhulo palibe kumvana, choncho adaphunzira Chiyao mpaka kulemba buku la malamulo a chiyankhulocho ndi kumasulira Chipangano Chatsopano.

Mapepala ndi mbendera

Chaka chomwe mishoni ya Domasi inkamangidwa, nthumwi za maiko 14 zidasonkhana ku Berlin kuyambira November 1884 mpaka February 1885 kukakambirana za Africa, popanda mfumu ya mu Africa ngakhale imodzi. Mfundo yomwe idakula kuchokera pamenepo inali yakuti dziko la ku Ulaya likafuna malo, lionetse kuti lilipodi pa malowo. Mpikisano wa mapepala udayamba. Britain idali itatumiza kale kazembe wake woyamba, Captain Foot, mu 1883. Yemwe adabwera pambuyo pake, Hawes, adasankha kukhala ku Zomba, ndipo Buchanan adamumangira nyumba mu 1886, yomwe anthu adaitcha Masongola poona nsanja zake zosongoka. Zomba idayamba ngati mudzi wa kazembe isanakhale likulu la boma.

Ukazembe wa masiku amenewo sunali wa tiyi ndi mabisiketi. Mu 1888 Buchanan, akugwirizira udindo wa kazembe, adapita kwa Makanjira pamodzi ndi mbusa W. P. Johnson. Anthu a mfumuyo adawagwira, namuvula Buchanan zovala nkumukwapula, ndipo adamasulidwa atapereka dipo. Kwa Makanjira, mlendoyu ankabwera kudzatseka malonda omwe ufumu wake udatsamirapo. Kwa Angerezi, kukwapula kazembe kunali kukwapula Mfumukazi, ndipo sadaiwale.

Apwitikizi nawo ankati dera lonseli ndi lawo kuyambira kalekale. Adatuma António Cardoso kukasainitsa mafumu a kummawa kwa nyanja, ndipo mu 1889 Serpa Pinto adakwera Shire ndi asilikali. Buchanan adathamanga ndi mapepala kwa mafumu a Makololo ndi a Chiyao, iwo naika zizindikiro zawo pansi pa mawu a Chingerezi omwe sakadatha kuwawerenga, ndipo mu September adalengeza kuti mapiri a Shire ali pansi pa chitetezo cha Britain. Ku Scotland abusa ndi akulu a mpingo zikwizikwi adasaina kalata yokakamiza nduna yaikulu, Lord Salisbury, kuti asapereke mishoni zawo kwa Apwitikizi. Pa 11 January 1890 Britain idalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, apo ayi ubale utha. Portugal, pokhala yochepa mphamvu, idagonja.

Pangano la pa 11 June 1891 lidajambula malire motsata mtsinje wa Ruo, nkudutsa kugombe la kummawa kwa Chilwa ndi Chiuta. Cholembera chikadakhotera pang'ono kumadzulo, bwenzi ana a ku Domasi lero akuphunzira Chipwitikizi. Mzerewo udadula mabanja a Ayao ndi Alomwe pakati, ngakhale asodzi ndi amalonda sadaleke kuoloka. Pangano lina, la Britain ndi Germany la pa 1 July 1890, ndilo lidaika malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi m'gombe la kummawa, nkhani yomwe mpaka pano timakokana nayo ndi Tanzania.

Harry Johnston adakhazika boma ku Zomba mu 1891. Mawu akuti chitetezo adasintha tanthauzo msanga: adabala msonkho wa nyumba, zikalata zopatsa azungu minda ikuluikulu, ndi nkhondo zogonjetsa mafumu okana. Kumayambiriro kwa 1895 Kawinga adatsika ku Chikala kudzathira nkhondo kwa Malemia, pafupi ndi mishoni, koma asilikali a boma adamubweza nkumuthamangitsa pa phiri lake. Malemia adapulumuka kwa mdani wake. Koma kuyambira pamenepo mfumu ya m'chigwachi sidathenso kupangana ndi mlendo mwa iyo yokha. Walira mvula walira matope.

Nkhondo za eni ndi sukulu ya Jeanes

Mu 1914 mapangano a maiko a ku Ulaya adakokera dziko lonse m'nkhondo. Anyamata a m'midzi ya Zomba adalowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo ena ambirimbiri adagwidwa utengatenga, kusenza katundu wa nkhondo mpaka ku Tanganyika ndi Mozambique, komwe njala ndi matenda zidapha ochuluka. John Chilembwe adafunsa poyera chifukwa chomwe munthu wakuda ankafera nkhondo yosamukhudza. Chipilala cha asilikali chomwe chili ku Zomba ndi mboni ya nthawi imeneyo. Nkhondo itatha maiko adapanga bungwe la League of Nations kuti mikangano izithera pa tebulo, koma lidalephera, ndipo nkhondo yachiwiri idatengera ana a kuno mpaka ku Burma.

Pakati pa nkhondo ziwirizi, Domasi idalandira mlendo wa mtundu wina. Mu 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes la ku America zidayendera sukulu za Nyasaland nkulangiza maphunziro ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma lidatsegula Jeanes Training Centre ku Domasi, mothandizidwa ndi ndalama za Carnegie Corporation. Dzinali lidachokera kwa Anna Jeanes, mayi wa ku Philadelphia yemwe adapereka chuma chake kuthandiza sukulu za anthu akuda a kumidzi ya kummwera kwa America. Aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo nkukhala m'mudzi wa chitsanzo. Amuna ankaphunzira kuyendera sukulu, ulimi ndi ukhondo, amayi za kulera ana ndi kusamala pakhomo, ndipo pambuyo pake mafumu nawo ankabwera kudzaphunzira kayendetsedwe ka mabwalo awo. Zambiri zinali zothandiza. Koma ophunzira ena adafunsa: bwanji mwana wa mzungu akuphunzira zoti akalamulire, wathu akuphunzira kukumba chimbudzi? Mu 1949 boma lidasankhanso Domasi kukhala dera loyeserapo chitukuko cha m'midzi, motsogozedwa ndi T. D. Thomson. Chigwachi chidazolowera kukhala munda woyeserapo mbewu za maganizo a kutali.

Pa 24 October 1945 bungwe la United Nations lidabadwa ndi maiko 51. Lamulo lake lidatchula za ufulu wa mitundu ya anthu kudzisankhira tsogolo, mawu omwe atsamunda adasaina osadziwa kuti adzawatembenukira. Pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mafumu adapita ku London mu 1953 kukadandaula kwa Mfumukazi, koma sadaloledwe kuonana nayo. Mnyamata wina wochokera ku yunivesite ya Fort Hare, Henry Masauko Chipembere, adayambira ntchito ya boma ku Domasi, nkuisiya kuti alowe m'nyumba ya malamulo mu 1956. Anthu ataphedwa ndi kumangidwa mu 1959, lipoti la Devlin lidachititsa Britain manyazi pamaso pa dziko lapansi, ndipo chitaganya chidatha mu 1963.

Dziko laling'ono, anansi aakulu

Pa 6 July 1964 Malawi idalandira ufulu, ndipo mphamvu yomwe mafumu adataya mu 1891, yopangana ndi alendo, idabwerera. Dziko lidalowa mu Commonwealth ndi mu bungwe la umodzi wa Africa la OAU, ndipo pa 1 December 1964 lidakhala membala wa United Nations, David Rubadiri ali kazembe woyamba kumeneko. Mu msonkhano waukulu wa bungweli dziko lililonse lili ndi voti imodzi, Malawi chimodzimodzi America. Koma mu khonsolo ya chitetezo muli maiko 15, ndipo asanu mwa iwo, America, Britain, France, Russia ndi China, sachoka pa mpando ndipo aliyense angathe kukana yekha chigamulo nkugwa. Ufulu wofanana uli pa pepala, mphamvu ili kwina.

Funso la Malemia lidabweranso: tipalane ubwenzi ndi yani? Ku msonkhano wa OAU ku Cairo mu July 1964, komwe atsogoleri adagwirizana zosunga malire osiyidwa ndi atsamunda, Dr. Kamuzu Banda adanena mosabisa kuti dziko lopanda doko silingadane ndi Apwitikizi omwe njanji yake imadutsa kwawo. Nduna zake zachinyamata, makamaka Kanyama Chiume yemwe ankaona za maiko akunja, zinkafuna njira ina. Kazembe wa China ku Dar es Salaam adali atalonjeza thandizo la mapaundi 18 miliyoni ngati Malawi itavomereza boma la Beijing. Banda adakana. Mu September 1964 adachotsa nduna zina, zina zidatula pansi udindo, ndipo nkhaniyo idakambidwa mu nyumba ya malamulo ku Zomba. Mu February 1965 Chipembere adanyamuka ku Fort Johnston ndi gulu lake kulinga ku likulu, koma ulendowo udathera pa chombo cha pa Liwonde, usanafike pa mlatho wa Domasi.

Banda adayenda njira yake. Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idabwera mu 1965, ndipo malo omwe idaimirira pa phiri la Zomba amatchulidwabe ndi ulemu wake. Mu 1966 Malawi idamanga ubale ndi Taiwan. Mu 1967 idachita zomwe maiko ena a anthu akuda adaziona ngati zonyansa: kusinthana akazembe ndi boma la tsankho la South Africa. Ndalama za kumeneko zidamanga njanji yodutsa pa Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala mu 1970, ndipo zidathandiza kumanga Lilongwe, komwe likulu lidasamukira mu 1975. Zomba idatsala ndi nyumba ya malamulo, yunivesite, asilikali ndi ndende.

Ubale ndi Taiwan udafika ku Domasi ngati madzi a m'ngalande. Akatswiri a ulimi a kumeneko, omwe anthu ankangowatcha Matchaina, adathandiza kukhazikitsa sikimu ya mpunga kumunsi kwa mtsinje, mbali ya Machinga, ya mahekitala pafupifupi 500. Alimi adaphunzira kufesa nazale, kuwokera m'mizere ndi kukolola kawiri pa chaka. Mphatsoyo inali ndi chingwe chake. Mu October 1971, maiko atavota kuti mpando wa China ku United Nations uchoke kwa Taiwan upite kwa Beijing, mavoti 76 adavomera, 35 adakana, ndipo Malawi inali pakati pa okanawo. Mlimi wowokera mpunga m'matope a Domasi ndi kazembe wokweza dzanja ku New York anali pa ntchito imodzi osadziwana. Kupatsa nkuika.

Ngongole, othawa kwawo ndi kusintha kwa mphepo

Malawi idalowa mu World Bank ndi IMF mu 1965. Mabungwe awiriwa, omwe adapangidwa ku Bretton Woods mu 1944, sayendera voti imodzi pa dziko: mawu amakula malinga ndi ndalama zomwe dziko laikamo. Chuma chitagwedezeka, kuyambira mu 1981 ngongole zawo zidabwera ndi mfundo zake: kuchepetsa mphamvu ya kwacha, kuchotsa thandizo la pa feteleza, kutseka misika ina ya ADMARC. Munthu wa ku Domasi yemwe sadaonepo khomo la IMF adazimva m'thumba. Mu 1980 Malawi idakhala nawo pokhazikitsa SADCC ku Lusaka, bungwe lomwe mu 1992 lidasanduka SADC. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njanji za Beira ndi Nacala, ndipo othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi adalowa m'dziko muno. Bungwe la UNHCR lidabwera ndi matenti ndi ufa, koma ambiri adalandiridwa ndi abale awo omwe mzere wa 1891 udawalekanitsa. Chibale ndi fupa, sichiola.

Nthawi yonse ya mkangano wa America ndi Soviet Union, maiko a kuzambwe ankatsinzina pa za anthu otsekeredwa popanda mlandu, popeza Banda anali mdani wa chikomyunizimu. Mlakatuli Jack Mapanje atatsekeredwa ku Mikuyu mu 1987, mtunda wochepa kuchokera ku Domasi, mabungwe monga Amnesty International adalemba makalata osaleka mpaka adatuluka mu 1991. Pofika nthawiyo khoma la Berlin lidali litagwa, ndipo mtengo wa Banda pa msika wa maiko udatsika. Kalata ya maepiskopi idawerengedwa pa 8 March 1992. Mu May, maiko othandiza atakumana ku Paris adaimitsa thandizo lonse kupatula la chifundo. United Nations idathandiza kuyendetsa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo chisankho cha zipani zambiri chidachitika pa 17 May 1994. Amalawi ndiwo adamenya nkhondoyo, koma mphepo ya kunja idawakankhira.

Domasi wa lero

Malonjezo a msonkhano wa ku Jomtien wa 1990, akuti maphunziro afikire aliyense, adakumana ndi ndale zatsopano, ndipo mu 1994 sukulu ya pulaimale idakhala yaulere. Ana oposa miliyoni adawonjezereka m'chaka chimodzi. Katundu wake adagwera Domasi. Malawi Institute of Education, yomwe idakhazikitsidwa mu 1979 nkuyamba ntchito mu 1982, ndiyo imakonza silabasi ndi mabuku. Domasi College of Education idayamba kuphunzitsa aphunzitsi a sekondale mu 1993. Canada idathandiza maphunziro a aphunzitsi ophunzira ali kwawo, ndipo Japan idamanga nyumba ndi kulimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi. Ku malo a kafukufuku wa nsomba, komwe amaweta makumba, chilunguni ndi mlamba, kudagwira ntchito bungwe la ICLARM ndi ndalama za Germany, kenaka JICA ya ku Japan. Mu 2005 boma la Scotland ndi la Malawi adasainirana pangano la mgwirizano, ulusi womwe Hetherwick adayamba kupota udalumikizidwanso.

Kumapeto kwa December 2007, boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan nkumanga ubale ndi Beijing, zomwe Chiume adachotsedwera ntchito zaka 43 m'mbuyomo. Akatswiri a ku Taiwan adalongedza. China idamanga nyumba ya malamulo ku Lilongwe, msewu wa Karonga ndi Chitipa, ndi yunivesite ya sayansi ku Thyolo. Ngalande za Domasi zidatsala m'manja mwa alimi eni, omwe kudzera m'bungwe lawo la ogwiritsa ntchito madzi amagawana madzi, kusonkha ndalama ndi kukonza pogumuka. Mlendo ndi mame, koma ngalande sinyamulidwa m'sutikesi.

Mu April 2011 boma lidathamangitsa kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, kalata yake yachinsinsi yodzudzula mtsogoleri itaululika. Pangano la ku Vienna la 1961 limalola dziko kuuza kazembe kuti achoke popanda kupereka chifukwa, koma limaletsa kumumanga kapena kumukhudza. Palibe adamuvula malaya monga zidachitikira kwa Makanjira. Komabe Britain idabweza pothamangitsa nthumwi ya Malawi ndi kuimitsa thandizo la ku bajeti, ndipo mizere ya mafuta idatalika. Mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, masiku ochepa IMF isanavomereze ngongole yatsopano, ndipo mitengo pa Songani idayankha sabata yomweyo.

Sikuti Malawi imangotambasula dzanja. Asilikali ake, adzukulu a omwe adasenza katundu wa nkhondo za eni, tsopano amapita kukasungitsa mtendere pansi pa mbendera ya United Nations. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, adaphedwa ku Democratic Republic of Congo mu November 2018 akupulumutsa msilikali mnzake wa ku Tanzania, ndipo mu 2019 adapatsidwa mendulo yapamwamba ya kulimba mtima ya bungweli.

Nayo nyanja yomwe mtsinje wa Domasi umathiramo ili pa pepala la maiko. Mu 1997 Chilwa idalembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, kaamba ka mbalame zake za m'madzi ndi miyoyo ya anthu odalira matemba. Nyanjayi idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagonanso pa matope ouma ku Kachulu. Mu March 2023 namondwe Freddy adakokolola midzi ndi minda kuchigawo cha kummwera. Utsi womwe ukutenthetsa dziko sudafuke ku Domasi, nchifukwa chake nthumwi zathu ku misonkhano ya za nyengo zimaima pamodzi ndi maiko ena osauka pofuna kuti owononga alipire. Mutu umodzi susenza denga, makamaka denga lake likakhala thambo.

Kuchokera kwa Muzura kufika lero, vuto la wochepa mphamvu silidasinthe: kupeza bwenzi popanda kusanduka kapolo wake. Chomwe chidasintha ndi amene amatha kuwerenga pepala. Mu 1889 mafumu a m'mapiri ano adaika zizindikiro pansi pa mawu omwe womasulira yekha ndiye ankawadziwa, ndipo dziko lidapita. Lero mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa akatsegula buku la kusukulu nkupeza mutu wa SADC, wa African Union kapena wa United Nations, silabasi yomwe akutsatayo idakonzedwa ku Domasi, m'dziko la Malemia, m'mbali mwa mtsinje womwewo.